Chaka Chimene Makompyuta a Boma Anatseka

Sindikumbukira kuti chinali chaka chiti. Ndimangodziwa kuti mango anali atayamba kupsa, ndipo ine ndinali kalaliki wotaipa makalata pa ofesi ina ya boma, m'tawuni ya fumbi lofiira. Tsiku lina m'mawa tinayatsa makompyuta monga mwa masiku onse, koma onse anatulutsa mawu ofanana a Chingerezi, akuti chilolezo chathu chatha. Tinazimitsa, tinayatsanso. Mawu anali omwewo.

Abwana anaimba foni kulikulu, kenako anabwera kudzatifotokozera ataimirira pakhomo. Pulogalamu imene tinkagwirira ntchito zaka zonsezo sinali yathu. Inali ya kampani ina yaikulu ya kutsidya kwa nyanja. Boma linkangobwereka chaka ndi chaka, ndipo ulendo uno sanamvane. Makalata athu, mayina a anthu, mapu a minda, zonse zinali m'makina momwemo pamaso pathu, koma makiyi anali kwa eni ake.

Panja anthu anadzaza. Panali mphunzitsi amene ankadikira kalata yosamukira, panali mayi wamasiye amene alamu ake ankafuna kumulanda munda. Onsewo tinkawauza kuti abwere mawa. Tinanena mawu amenewa mpaka mango anatha m'mitengo.

Kenako kunabwera bambo wina wamtali, wa imvi, atakolekera chikwama chansalu paphewa. Dzina lawo anali a Dzimbiri. Kale ankakonza mawailesi pamsika, pambuyo pake anaphunzira za makompyuta, ndipo tsopano unduna unawatuma kuti aziyenda m'maofesi. Anatiuza kuti boma latopa ndi kubwereka. Kampani inavomera kutsegula kwa kanthawi kuti tichotsemo zathu, ndipo tizisamutsire m'pulogalamu ina imene inalembedwa ndi anthu ambiri a m'mayiko osiyanasiyana, n'kuiika poyera kuti aliyense atenge.

"Mwini wake ndani?" anafunsa abwana.

"Ilibe mwini m'modzi, bwana. Ili ngati wailesi yomanga ndi masikuluwu. Mukafuna mumamasula, mumaona mawaya onse, mumasintha chimene chikukuvutani. Ya kampani ija inali yomata."

Ine ndinali wa zala zofulumira, ndiye anandipatsa kwa a Dzimbiri kuti ndiwathandize sabata imodzi. Sabatayo itatha, iwo anapempha kulikulu kuti ndipitirire nawo. Banja langa linali litatha kalekale, mwana ndinalibe. Ndinasiya kiyi wa nyumba kwa aneba, ndinati ndibwera mvula isanayambe.

Tinayenda pamatola, pamalole a fodya, pakabaza, pena wapansi. Matawuni ankafanana kwambiri moti nthawi zina ndinkaganiza kuti msewu ukungozungulira. Paliponse pamakhala ofesi yamalata adzimbiri, kalendala yakale pakhoma, mayi wogulitsa chimanga chophika pakhomo. Ndipo paliponse, tikangolowa, munthu wa kuseri kwa tebulo ankatiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwabwera kudzatichotsa ntchito?"

"Tabwera kudzakuwonjezerani," ankatero a Dzimbiri.

Pa boma lina la pamwamba pa phiri, pomwe mitambo inkalowa pawindo, tinagwira ntchito kukhoti. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira chinthu choyamba. Usanafufute kanthu, kopera kawiri, ndipo zimene wakoperazo zisagone chipinda chimodzi. Titasamutsa milandu yonse ndinayamba kulongedza, koma a Dzimbiri anandipatsa mafayilo akale apepala oluma mphuno. Anati ndiziwerenga dzina lililonse mokweza, iwo akuyang'ana pagalasi la kompyuta. Tinawerenga masiku anayi. Tsiku lachinayi tinapeza munthu m'modzi amene makina anamuwonjezera zaka zokhala kundende chifukwa cha kadontho kamene kanasokera.

"Mwaona, chemwali?" anatero. "Makina sanama. Amangobwereza mokhulupirika chimene munthu walakwitsa."

Kuchigwa, kumene nzimbe zinkafika m'mphepete mwa msewu, tinafika pa ofesi ya zaulimi. Mlangizi wa pamenepo, a Chingota, anamvetsera zonse akusenda chinangwa ndi kampeni.

"Ndamva," anatero pomaliza. "Ija inali mbewu yogula. Imabereka bwino, koma chaka chilichonse ubwerere kusitolo. Iyi ndi mbewu yamakolo, umasunga wekha. Koma dziwani, mayi, yamakolo ukaitayirira anankafumbwe amadya, ndipo palibe sitolo yokadandaulako."

Ndinaseka nawo. Ndinkaganiza kuti akungocheza.

M'njiramo tinkakumana ndi munthu wa kampani ija. Anali mnzathu wa kuno komwe, wa shati yoyera, wa galimoto lozizira m'kati. Sindinamve dzina lake. Nthawi zina tinkamupeza pamlatho, nthawi zina pamphambano, ndipo nthawi zonse ankatsitsa galasi n'kutilonjera mwaulemu. Sanali munthu woipa. Tsiku lina anatinyamula mvula itatipeza pamtetete.

"Mukuvutikiranji, akuluakulu?" anafunsa akuyendetsa. "Ife chikawonongeka mumangoimba, timabwera."

"Mumabwera liti?" anatero a Dzimbiri.

"Timabwera ndithu."

Mvula inadutsa kangapo. Sindinabwerere kukatenga kiyi uja. M'tawuni ina ya m'malire, kumene anthu ankayankhula zinenero ziwiri m'chiganizo chimodzi, manja a a Dzimbiri anayamba kunjenjemera. Sikuluwu inkawagwa, batani limodzi ankalidina kawiri. Kumeneko kunali mwana wawo wamkazi wokwatiwa ndi wogulitsa matayala. M'mawa wina a Dzimbiri anandiperekeza kusiteji n'kundikoleka chikwama chawo paphewa.

"Ine ndafika," anatero. "Inu pitirirani. Koma muziwerenga mokweza, ngakhale muli nokha."

Ndinapitirira ndekha. Nthawi imeneyo kulikulu kunabwera bwana watsopano amene ankafuna kuti maofesi onse athe chaka chisanathe. Ankaimba m'mawa uliwonse kufunsa kuti ndamaliza angati. Ntchito ya masiku anayi ndinayamba kuigwira masiku awiri, kenako tsiku limodzi. Ndinasiya kuwerenga mokweza. Munthu ukakhala wekha mawu ako omwe amakuchititsa manyazi.

Ndi mmene ndinafikira pa kachipatala kena ka m'munsi mwa phiri, pafupi ndi munda wa nthochi. Namwino wamkulu wa pamenepo anali Mayi Msosa, munthu wamfupi, wosachedwa kuyankha. Iwo sanafunse za kuchotsedwa ntchito. Anangoti, "Mukhala nafe masiku angati?"

"Ndinyamuka masana ano."

"Ndiye mwabwera kudzatiphunzitsa kapena kudzationetsa?"

Ndinakopera kawiri monga ndinaphunzirira, ndinasamutsa mayina onse a odwala. Chakumapeto pulogalamu inandifunsa funso. Inati yapeza mayina ena obwerezedwa, dzina limodzi, mudzi umodzi. Kodi iwaphatikize akhale munthu m'modzi? Kunja lole yonditenga inali kuliza hutala. Ndinadina kuti inde. Ndinaonetsa Mayi Msosa poyatsira, polembera ndi pozimitsira, ndinalemba nambala yanga ya foni pakhoma, ndinathamangira lole.

Zaka zimene zinatsatira ndimazikumbukira ngati nyengo imodzi yotentha. Panali tawuni ya fodya kumene telala wina, bambo wofatsa wachibwibwi, anandisokera diresi osandiyeza n'komwe, n'kundikwana. Anandifunsa ngati ndingakhale naye. Ndinati ndikangomaliza maofesi a kumpoto ndibwera. Nditabwera ndinapeza mashini ake ali pakhonde pomwe paja, koma pambali pake panakhala mayi wina akusoka mabatani, mwana ali kumbuyo. Telalayo anandilonjera bwino, anandifunsa ngati diresi lija likadalipo. Ndinati likadalipo.

Foni yanga siinkatonthola. Pakhoma la ofesi iliyonse panali nambala yanga. Pulinta ikakana, ankaimba. Fayilo ikasowa, ankaimba. Kwina ndinkapeza kompyuta atayifunditsa nsalu yoluka, anthu atabwerera ku mapepala, akundidikira miyezi itatu chifukwa cha waya m'modzi wosokonekera. Panja anthu anali atadzaza, akuuzidwa kuti abwere mawa.

Munthu wa shati yoyera uja ndinamupezanso pamlatho wina. Iye sanakalambe. Anatsitsa galasi, anamva foni yanga ikulira m'chikwama.

"Akukufunani," anatero.

"Ndipita."

"Mupita liti?" Anamwetulira, koma sikunali kundiseka. "Mwasanduka ife, mayi. Kungoti mulibe galimoto."

Msewu unandibwezanso ku kachipatala ka m'munsi mwa phiri, nthochi zija zitakula n'kuphimba windo. Mayi Msosa anali ndi imvi pang'ono. Sanandiimbire foni ngakhale kamodzi zaka zonsezo. Atandiona anatseka chitseko, anandipatsa mpando.

"Mukuwadziwa a Filesi Kamwendo?"

"Ayi."

"Alipo awiri. Wina ndi mayi wachikulire, wodwala shuga. Wina ndi mwana wa mchimwene wawo, anamutcha dzina la azakhali ake, amadwala mphumu. Mudzi ndi umodzi. Makina anu anawasandutsa munthu m'modzi."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, osakweza mawu. Mtsikanayo ankabwera kumayambiriro kwa mwezi kudzatenga mankhwala ake a mphumu. Azakhali ake akabwera pambuyo, wa pawindo ankayang'ana pakompyuta n'kuwauza kuti mwezi uno mwalandira kale. Ankatsutsa, koma wa pawindoyo anali watsopano, ankakhulupirira makina. Anabwezedwa kanayi. Ulendo wochoka kwawo ndi wa maola atatu wapansi. Kachisanu sanabwerenso. Mayi Msosa anadzazindikira patapita chaka chathunthu, achibale atawabweretsa a Filesi aakuluwo pangolo, maso atachita khungu.

"Panopa mankhwala awo ndimawalemba m'kabuku kanga," anatero. "M'makina mwanu mulibe munthu ameneyu."

M'mutu mwanga ndinayamba kulemba kalata yodandaula, monga tinkachitira kale chinthu chikalakwika: Okondedwa akampani. Koma kalatayo inalibe kopita. Pulogalamu inandifunsa, ine ndinayankha.

M'mawa mwake ndinapempha kuti andilozere njira. Ndinadutsa minda ya nandolo, ndinawoloka kamtsinje kouma kawiri. A Filesi ndinawapeza pakhonde akusenda nthochi zopangira zitumbuwa. Manja awo ankadziwa pamene pali chilichonse. Mtsikana uja, Filesi wamng'ono, anandiyalira mphasa n'kukhala chapatali.

"Ndani ameneyo?" anafunsa mayiwo.

"Ndine amene ndinaika makina kuchipatala kuja, mayi."

"Oho. Ndinu a boma kapena a kampani?"

"A boma."

"Ndiye bola. Ndinkaganiza kuti amene anandikanayo ali kutsidya kwa nyanja, sindidzamumva n'komwe mawu. Sendezani kuno."

Ndinasendera. Anandigwira dzanja lamanja, anapapasa zala zanga chimodzichimodzi, manja awo ali onata ndi nthochi.

"Chinali chiti?"

Ndinawagwiritsa chala cholozera. Anachigwira kanthawi, kenako anachisiya.

"Chala wamba," anatero. "Munkathamangira kuti?"

"Lole inkandisiya."

"Munaipeza?"

"Ndinaipeza."

"Chabwino." Anatenga nthochi ina. "Musandipepese, mwana wanga, madzi akatayika saoleka. Kupepesa kwanu ndingakuike pati? Koma pali chinthu chimodzi. Mwana uyu akuopa kupita kuchipatala. Akuti akalandira mankhwala ake ndiye kuti akudya anga. Mwezi uno wagona kawiri akubanika. Mukatisiyanitse. Ine ndikhale ine, iye akhale iye."

Mtsikanayo anali atawerama, akukanda pansi ndi kamtengo.

Ndinabwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Zimene ndinakopera kale zija zinali zikadalipo, china m'kabati ya Mayi Msosa, china m'chikwama changa. Ndinapeza kuti mayina amene ndinaphatikiza anali makumi atatu ndi limodzi. Ambiri analidi munthu m'modzi wolembedwa kawiri, koma asanu ndi awiri anali anthu osiyana: bambo ndi mwana wake, asuweni, mdzukulu ndi agogo ake. Kuno kwathu dzina limayenda m'banja. Amene analemba pulogalamuyo sankadziwa zimenezo, ndipo ine amene ndinkadziwa sindinaime kuti ndiganize.

Kusiyanitsa anthuwo kunali kosavuta. Chovuta chinali funso lija, limene linkadikirabe munthu wina wothamanga pachipatala china. Kwa nthawi yoyamba ndinamasula pulogalamuyo mpaka m'kati, monga a Dzimbiri ankanenera. Zaka zonsezo ndinkainyamula paphewa, ndikuuza anthu kuti ndi yotseguka, koma ndinali ndisanalowemo. Munali mizere yambirimbiri ya mawu, ina ndinkaimva, ina ayi. Ndinalemba pa intaneti, pabwalo pamene anthu oigwiritsa ntchito amakambirana. Ndinafotokoza za a Filesi awiri, osatchula mayina awo. Patapita masiku atatu anayankha mayi wina wa kudziko lakutali, wogwira ntchito pachipatala cha kumapiri. Anati kwawonso mayina amabwerezedwa, ndipo anandilozera mzere woti ndiyambirepo. Anayankhanso wina, kenako wina. Sindinaonepo nkhope zawo.

Foni inkalira, ndinkayankha kuti sindibwera msanga. Bwana wa kulikulu anakalipa. Ndinamuuza kuti pali mayi wina amene anachita khungu chifukwa cha kufulumira kwathu, ndipo ngati akufuna ndimupatse foni ayankhule naye. Sanaimbenso sabata imeneyo.

Titamaliza, pulogalamu inasiya kuphatikiza anthu onse nthawi imodzi ndi batani limodzi. Inkaonetsa mayina awiriwo pamodzi, ndi zaka zawo ndi matenda awo, n'kudikira kuti munthu wowadziwa anene. Ndinatumiza zimene tinakonzazo kubwalo kuja, ndipo anazilandira. Ndinamva kuti zinafika m'zipatala za m'mayiko amene sindidzapondako.

Tsiku limene a Filesi anabwera, atatsogozedwa ndi mtsikana uja, anakana kukhala panja. Analowa mpaka pamene panali kompyuta.

"Werengani zimene yanena za ine."

Ndinawerenga mokweza: dzina, mudzi, matenda, mankhwala, chaka chobadwa.

"Chaka mwalakwitsa. Mwandichotsera zitatu. Ndinabadwa chaka chimene anamanga mlatho wa kumsika. Konzani."

Ndinatambasula dzanja, koma Mayi Msosa anali ataimirira kumbuyo kwanga, manja ali m'chiuno. Ndinanyamuka pampando. Anakhalapo iwo, anafunafuna ndi maso, anadina polakwika, anabwerera, anadinanso. Zinatenga nthawi. Ndinaika manja anga m'khwapa kuti asalowerere.

"Zatheka," anatero Mayi Msosa.

"Nanga za uyu?" anatero a Filesi. "Muwerengenso zake, amve yekha kuti ali payekha."

Ndinakhala pachipatalapo mvula ziwiri. Ndinkagona m'kachipinda kosungiramo makatoni. Masana aliwonse mzere ukatha tinkakhala atatu: ine, Mayi Msosa, ndi a Lufeyo, bambo wa pawindo amene anabweza a Filesi kanayi konse. Iwo ndi amene ankafunsa mafunso ambiri. Ndinkawononga kanthu dala, n'kutuluka kukakhala pansi pa nthochi mpaka atakonza. Poyamba ankanditsatira kudzandiitana. Kenako ankangokangana okhaokha m'katimo. A Lufeyo anafika poyamba kulemba okha kubwalo kuja, Chingerezi chawo chopindikapindika, ndipo ankayankhidwa. Anamasuliranso mawu a pagalasi m'Chichewa, chifukwa ankati munthu sangatsutse chinthu chimene sakuchimva.

A Filesi ankabwera mwezi ndi mwezi. Maso awo sanabwerere. Nthawi zina ankandibweretsera zitumbuwa, nthawi zina ankadutsa osandilonjera ngakhale atamva mawu anga. Zonsezo ndinkalandira.

Kulikulu anasiya kundifunsa kuti ndamaliza angati. Ananditumizira mndandanda wa maofesi amene ndinadutsamo kale, kuti ndibwererenso, ulendo uno mosathamanga. Unali wautali. Ndinauyang'ana n'kudziwa kuti sindidzaumaliza ndekha, ndipo a Lufeyo anati akadzapeza tchuthi adzayamba ndi zipatala za tsidya lino la phiri.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinatsanzika onse, ndinakaima pamsewu kudikira matola. Mzere wa odwala unali wautali tsiku limenelo. Ndili chiimire ndinamva Mayi Msosa akufuula kuti pulinta yakana, makadi sakutuluka. Windo linali lotsegula, ankandiona bwinobwino. Ndinatsitsa chikwama paphewa, ndinadikira kuti anditchule.

"Mwaona waya wa kumbuyo?" Anali mawu a a Lufeyo.

"Ndaona kale, si waya."

"Ndiye tatsegulani pamndandanda wa zosindikiza paja, pali china chatsekereza."

"Musandiphunzitse ntchito, bambo inu."

Panapita kanthawi. Kenako ndinamva pulinta ikukoka pepala, ndipo wina anaitana dzina la wodwala wotsatira. Matola anafika, odzaza ndi matumba a nandolo. Palibe amene anatuluka kudzandiperekeza, anali otanganidwa. Wothandizira dalaivala anandifunsa kumene ndikupita, ndinamuuza dzina la tawuni yoyamba pamndandanda. Anati kumeneko safika, koma andisiya pamphambano. Ndinakwera.